Mwana Anatayikira Pati? Mawu kwa Makolo ndi Ophunzira a ku Makandanyama

   Mundilole ndilankhule m'chinenero cha kwathu kum'mawa, pakuti ambiri a ife tili muno chifukwa agogo athu anatsata njanji ndi mgodi pamene tauni ino ya Kabwe inkatchedwa Broken Hill, ndipo chinenerocho anabwera nacho m'thumba limodzi ndi kamba wa paulendo.

Ndagwira choko zaka zambiri m'sukulu za boma. Nditapuma, ndinatsegula kasukulu ka tushoni kuno ku Makandanyama: zipinda ziwiri, mabenchi ochepa ndi bolodi lomwe ndinapaka ndekha. Choncho musanditenge ngati mboni yopanda mbali. Ndimadyera momwemo, ndipo n'chifukwa chake ndikufuna mudziwe chimene mukugula mukatipatsa ndalama zanu, kaya ndi ine kaya ndi mnzanga wa ku Kasanda kapena ku Chowa.

Ndili ndi mfundo zinayi. Yoyamba, chifukwa chake timasukulu totere tilipo. Yachiwiri, ntchito imene iyenera kuchitika m'katimo. Yachitatu, mmene mungasiyanitsire mphunzitsi ndi wamalonda. Yachinayi, fumbi la kwathu kuno ndi gawo lanu makolo. Pa zonsezi funso langa ndi limodzi, ndipo mudzatopa nalo: mwana anatayikira pati?

Mfundo yoyamba. Mu January 2022 boma linachotsa fizi m'sukulu zake kuyambira kumkaka mpaka Giredi 12. Chinali chinthu chabwino, ndipo amene angatsutse sanaonepo mwana akubwezedwa pageti chifukwa cha ngongole ya teremu yatha. Ana amene anali atakhala pansi anabwerera. Chaka chomwecho boma linalemba ntchito aphunzitsi oposa 30,000. Koma walira mvula walira matope. Ana anachuluka kuposa madesiki, ndipo zipinda sizibereka.

Tiyeni tiwerenge pamodzi. Phunziro limodzi kusekondale ndi mphindi 40. Ikani ana 80 m'kalasi, monga ndinakhalira nawo ine chaka china. Mphunzitsi akati agawe nthawi yake mofanana, mwana aliyense apeza theka la mphindi. Theka la mphindi! Nthawi imeneyo siikwana n'kufufuta bolodi komwe. Tsono mphunzitsi amachita zimene aliyense angachite: amaphunzitsa amene akhala kutsogolo ndi amene akweza manja, silabasi n'kumayenda. Amene watsalira, watsalira. Musawanyoze aphunzitsi amenewa. Ndi anzanga, ndipo ambiri anasulidwa bwino pompano pa Kwame Nkrumah University. Koma ngakhale mayi wodziwa kuphika, mukam'patsa mphika umodzi ndi alendo 80, ena adzangonunkhiza.

Nkhaniyi si ya ku Kabwe kokha. Mu 1984 katswiri wa maphunziro wa ku America, Benjamin Bloom, analemba kuti ophunzira amene ankaphunzitsidwa mmodzimmodzi ankaposa pafupifupi onse a m'kalasi wamba. Ofufuza a pambuyo pake apeza kuti phindu lake silifika pamene iye ananena, koma sanalikane. Ku South Korea boma linaletsa tushoni mu 1980, makolo n'kumangochita mobisa, mpaka khoti linachotsa chiletsocho mu 2000. Ku China anakhwimitsa malamulo ake mu 2021. Kulikonse kumene pepala limodzi la mayeso limatsegula kapena kutseka chitseko cha moyo wa munthu, makolo amafunafuna woti akhale pambali pa mwana wawo. Ndipo chitsekocho kuno mukuchidziwa: makirediti asanu, Chingelezi chili momwemo, ndipo m'makosi ambiri masamu ndi sayansi. Popanda amenewo, Mulungushi University mudzangoyiona pachikwangwani cha pamsewu wa ku Kapiri Mposhi, ndipo sukulu ya unamwino mudzangoimva kwa anzanu.

Mfundo yachiwiri, ndipo apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene pagona nkhani. Kodi m'chipinda cha tushoni muyenera kuchitika chiyani?

Ndikuuzeni za mtsikana wina, dzina sinditchula. Anabwera ndi mayi ake atalemba Giredi 12, masamu atapeza 9. Mukudziwa mmene a Examinations Council of Zambia (ECZ) amaperekera: 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 ndi 4 meriti, 5 ndi 6 kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 wagwa. Mayi ake anati, "Aphunzitsi, mwanayu masamu alibe mutu, anatengera ine." Ndinawapatsa mpando, mtsikanayo n'kumupatsa pepala la mafunso khumi. Sanali mafunso a Giredi 12 ayi. Ndinayambira pansi penipeni. Kuwonkhetsa anakhoza. Kuchulukitsa anakhoza, ngakhale ankawerengera zala pansi pa tebulo. Funso lachisanu linali lakuti awonkhetse 1/2 ndi 1/3. Analemba 2/5, mosakayika n'komwe, n'kudula mzere pansi pake ndi rula.

Ndinatuma mwana kukagula zitumbuwa ziwiri pamsewu. Chimodzi ndinachidula pakati, china patatu. Ndinamupatsa theka, n'kumuwonjezera chidutswa chimodzi cha zitatu zija. Ndinati, "Mwana wanga, zimene wagwirazo zaposa theka kapena zachepa?" Anati zaposa. "Nanga 2/5 wako uja, aposa theka?" Anayang'ana pepala, anayang'ana zitumbuwa, n'kugwira pakamwa. Mtsikana ameneyu ankathandiza mayi ake kugulitsa tomato, ndipo pa chenji simukanamubera ngakhale ngwee imodzi. Mutu analinawo. Anatayikira ku pulayimale, sabata ina imene mwina anadwala malungo pamene anzake ankaphunzira mafulakishoni, ndipo kwa zaka zisanu ndi ziwiri aphunzitsi anamangapo alijebura, anamangapo zonse, pamwamba pa dzenje. Inu amene munamangapo nyumba kuno mukudziwa: maziko akakhala a mchenga wokhawokha, pakani penti yokwera mtengo bwanji, mng'alu udzatuluka ndithu mvula yoyamba.

Tinakhala masabata asanu pa mafulakishoni okha. Mayi ake anayamba kudandaula kuti akulipira ndalama za Giredi 12 koma mwana akuphunzira za Giredi 5. Ndinawapempha adekhe, kuona maso a nkhono n'kudekha. Atalembanso pa mayeso obwereza a GCE anapeza 5. Sindikunena kuti anasanduka katswiri. Anapeza kirediti imene ankaifuna, basi.

Imeneyi ndiyo ntchito ya kagulu kakang'ono: kubwerera m'mbuyo mpaka pamene mwana anatayikira, n'kuyambira pomwepo. M'busa akataya mbuzi sakaifuna kukhola. Amalondola mapazi kubwerera kumene anadzera. Ndipo nzeru imeneyi si yanga ndekha. Unduna wa Maphunziro womwe, kuyambira 2016, uli ndi pulogalamu ya Catch Up m'mapulayimale, imene inachokera ku bungwe la Pratham ku India: ana a Giredi 3 mpaka 5 amawagawa malinga ndi zimene akudziwa, osati malinga ndi kalasi imene alimo. Tushoni yabwino imachita zomwezo kwa ana akuluakulu.

Tsono mukamva kuti pena pake pali tushoni ya ana 50 m'chipinda chimodzi, mphunzitsi akulemba manotsi pabolodi ana n'kumakopera, dziwani kuti mwalipirira kachiwiri chinthu chomwe mwana analephera nacho poyamba. Ine ndimati gulu likaposa asanu ndi atatu, maso anga sangathenso kuona cholembera cha aliyense chikuyenda. Ena anganene khumi, sitikangana. Koma mphunzitsi ayenera kuona dzanja la mwana pamene likulakwitsa, osati mawa lake.

Ndipo mwina mudabwa: nthawi zambiri ndimakonda ana anayi kuposa mwana mmodzi. Mwana akakhala yekha ndi mphunzitsi amachita manyazi, amangogwedeza mutu kuti wamva, ndipo mphunzitsi naye amakopeka kumutafunira zonse. Akakhala anayi, wina akalakwa mnzake amamufotokozera m'chinenero cha pabwalo, ndipo wofotokozayo ndiye amapindula koposa. Kuphunzitsa mmodzi payekha ndimakusungira amene dzenje lake ndi lakuya, kapena bambo wa ndevu zake amene sangamasuke kulakwitsa pamaso pa ana.

Ntchito yokonza maziko ikatha, pamabwera kuzolowera mayeso enieniwo. Ana anga, tamverani kuno. Kuwerenga manotsi kasanu mutagona pamphasa si kukonzekera. Maso amazolowera tsamba, mtima n'kumati ndadziwa, koma m'chipinda cha mayeso tsambalo kulibe. Tsekani kope, tengani pepala loyera, lembani zimene mukukumbuka, kenako tsegulani muone zimene zathawa. Zimawawa, ndipo kuwawako ndiye kuphunzira. Mawa bwerezani, sabata yamawa bwerezaninso. Tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Tengani mapepala a mayeso a zaka zam'mbuyo, ikani wotchi patebulo, lembani ngati tsiku lafika. Phunziraninso chilankhulo cha wofunsa. Akati state akufuna yankho lalifupi. Akati explain akufuna chifukwa. Akati describe akufuna mumuonetse chinthucho mmene chilili. Ndachongapo mapepala a ana odziwa zinthu amene anataya malikisi chifukwa anayankha funso limene sanafunsidwe. Munthu wakufunsa njira ya ku Bwacha, iwe n'kumulongosolera bwinobwino ya ku Mukobeko.

Mfundo yachitatu: kusiyanitsa mphunzitsi ndi wamalonda. Pakati pa tauni yathu pali mkuyu waukulu uja, umene apaulendo akale ankapumulapo. Mukamadutsa pamenepo muzikumbukira mwambi wa makolo: chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chikwangwani chokongola, dzina lalitali la Chingelezi, lonjezo lakuti aliyense akhoza: zonsezo ndi khungu la nkhuyu. Ing'ambeni muone m'kati. Ndikupatsani mafunso oti mufunse, ndipo muyambe ndi ine.

Funsani kuti, "Mwana wanga mwamuyesa musanayambe kumuphunzitsa?" Dokotala amene akupatsani mankhwala musanakhale n'komwe pampando, muthaweni. Funsani kuti, "M'gulu lake ali angati?" ndipo tsiku lina mubwere osanena, mudzawerenge nokha. Funsani za mapepala a mphunzitsi. Kuyambira pa lamulo la 2013 aphunzitsi m'dziko muno amalembetsa ku Teaching Council of Zambia, ndipo amene ali nawo sakwiya mukafunsa. Koposa zonse, tsegulani kope la mwana. Ngakhale inu amene sukulu munailekera panjira, inki yofiira mumaidziwa. Kodi muli zochonga? Kodi pamene analakwa pali polembanso? Kope loyera bwino, lodzaza manotsi okongola opanda cholakwa ngakhale chimodzi, ndi kope la mwana amene akungokopera. Ine kope lakuda ndi zofufuta ndi limene limandisangalatsa.

Za GCE samalani kawiri. Si tushoni iliyonse imene ili malo olemberapo mayeso ovomerezeka ndi ECZ. Yanga si otero. Ine ndimaphunzitsa, kulembetsa mumakachita kumalo ovomerezeka. Kalembera amatsekedwa miyezi ingapo mayeso asanafike. Ndinaonapo mnyamata amene anapereka ndalama zolembetsera kwa munthu wina womulonjeza kuti amukonzera zonse; anawerenga miyezi isanu, tsiku la mayeso dzina lake panalibe. Onani ndi maso anu kuti dzina lalowa, ndi kuti maphunziro amene alembedwa ndi omwewo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

Tsopano liwu lija mukulidikira: likeji. Musayang'ane pansi, tonse timalidziwa. Mwezi wa mayeso ukayandikira mafoni amatentha, pa WhatsApp pamayenda mapepala, ndipo pali makolo, inde makolo, amene amabwera kwa ine madzulo n'kunong'ona kuti, "Aphunzitsi, palibe kanthu kena?" Mukukumbukira October 2018, pamene pepala la masamu la Giredi 9 linatuluka nthawi isanakwane, boma n'kuimitsa mayeso m'dziko lonse? Ana osalakwa, amene anakonzekera moona, anavutika chifukwa cha umbombo wa anthu ochepa. Wogwidwa zotsatira zake zimafufutidwa, ndipo nkhani imatha kufika kupolisi. Ambiri mwa mapepala ogulitsidwawo ndi abodza. Mwana amachezera usiku kuloweza mayankho a mafunso amene sabwera. Koma tinene kuti pepalalo ndi lenileni ndipo sanagwidwe. Wapeza 1 mu sayansi, walowa sukulu ya unamwino. Tsiku lina inu mwagona m'chipatala, ndipo amene akuyeza mlingo wa mankhwala anu ndi yemwe uja amati 1/2 ndi 1/3 ndi 2/5. Nkhuyu zodya ana zimapota akulu. Mphunzitsi aliyense wokulonjezani "kanthu kena" wavomera ndi pakamwa pake kuti kuphunzitsa sakutha.

Ndinenenso chimodzi chokhudza ife aphunzitsi, ngakhale chiwawe. Mphunzitsi amene amabisa theka la phunziro m'kalasi ya boma kuti akaligulitse madzulo kwa ana omwewo, ameneyo ndi wakuba wovala tayi. Ndipo tushoni isalowe m'malo mwa sukulu. Mwana amene adakali pasukulu apite kusukulu tsiku lililonse. Ife ndife chigamba, ndipo chigamba sichivalidwa chokha.

Mfundo yachinayi ndi ya kwathu kuno, imene mnzanga wa ku Chipata kapena ku Lilongwe sangaitchule. Mgodi wa mtovu ndi zinki unagwira ntchito muno kuyambira kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900 mpaka 1994. Unatseka, koma chimulu chakuda chija cha zotsalira za mgodi chilipo, ndipo mphepo ya mu August ikawomba mukudziwa kumene fumbi lake limatera: Kasanda, Makululu, Chowa, Mutwe Wansofu ndi Makandanyama wathu yemweyu. A World Health Organization amanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'magazi umene uli wabwino kwa mwana. Mtovu umawononga ubongo umene ukukula. Mwana amavutika kutchera khutu, amaiwala msanga, sakhazikika. Ife tikaona zimenezi timathamangira kunena kuti ndi mbuli, ndi waulesi, ndi wosamva, mwinanso kumukwapula. Ena mwa ana amene timawatcha mbuli anatayikira pabwalo la nyumba yawo, akukwawa, asanaone n'komwe khomo la sukulu.

Sindikunena izi kuti mutaye mtima, kapena kuti mwana aliyense wolephera apeze pobisala. Tauni ino yatulutsa madokotala, mainjiniya ndi aphunzitsi okulira m'fumbi lomweli. Ndikunena kuti mwana wotere amafuna zinthu zimene kalasi ya ana 80 singamupatse: kufotokozeredwa pang'onopang'ono, kubwerezeredwa kawirikawiri, phunziro lalifupi, ndi mphunzitsi wosatukwana. Ndiponso ndikunena chifukwa cha ang'ono awo amene ali kumsana lero. Pitani nawo kuchipatala mukafunse za kuyeza mtovu m'magazi. Asambe m'manja asanadye. M'nyumba kolopani ndi nsanza yonyowa m'malo moutsa fumbi ndi tsache. Pabwalo dzalani kapinga. Asachoke m'mawa ndi mimba yopanda kanthu, chifukwa mimba ya njala imayamwa mtovu wochuluka. Kapenta, nyemba ndi masamba zimathandiza thupi kuukana. M'mera mpoyamba. Ndalama imene mungawononge pa sopo ndi kapenta lero ndi yochepa kuposa imene mudzandipatse ine mwanayo akadzafika kusekondale.

Gawo lina la makolo ndi nthawi. Mumalipira tushoni, koma mtsikana akafika kunyumba ndiye wotunga madzi, wophika, wosambitsa ana, mpaka tulo timugwere pakope, pamene mlongo wake ali pa mpira. Ine ndimakhala naye maola atatu kapena anayi pa sabata. Otsalawo ali m'manja mwanu. Mupatseni ola limodzi lokha madzulo, wailesi itatsekedwa, ndi nyali yoti magetsi akathima asagone msanga. Simusowa kudziwa alijebura. Ingomuuzani kuti, "Tandifotokozera zimene waphunzira lero." Akatha kufotokozera inu, wofunsa mayeso sangamuvute. Ndipo amene mulibe ndalama ya tushoni, musadzione ngati mwana wanu watayika. Ana anayi ofunitsitsa, mapepala akale ndi mthunzi wa mango ndi sukulu yokwanira, bola pakhale wamkulu mmodzi woona kuti nkhani si ya mpira. Mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu amene munamaliza sukulu muli pakhomo kudikira ntchito, khalani nawo ana a pamzere wanu.

Potsiriza, inu achikulire amene mukubwereza. Pa benchi langa pakhalapo mayi woyamwitsa, mlonda wochokera kuntchito ya usiku, ndi mnyamata amene manja ake anali akuda ndi miyala ya kuchimulu. Ena amalowa mozemba, kuopa kuti anansi awaseka. Adzaseka mwezi umodzi, kenako adzabwera kudzafunsa kuti kalembera atsegula liti. Musatenge maphunziro asanu ndi limodzi nthawi imodzi pamene mukugwiranso ntchito. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Tengani awiri, muwagwetse, chaka chamawa enanso. Ndipo musabwere kutatsala masabata atatu n'kumati ndichite zozizwitsa. Dzenje la zaka zisanu ndi ziwiri silikwiririka ndi fosholo imodzi.

Maphunziro akusintha. Kuyambira 2025 boma layamba dongosolo latsopano, ndipo ana olowa sekondale tsopano akutchedwa a Fomu 1. Mayina a makalasi ndi a mayeso adzasintha, ife aphunzitsi tidzayenera kuphunziranso. Koma 1/2 ndi 1/3 adzakhalabe 5/6.

Pempho langa ndi ili, amayi ndi abambo. Usiku uno, nsima ikatha, muuzeni mwana abweretse kope lake la masamu ndi la Chingelezi. Tsegulani pamodzi, tsamba ndi tsamba, kubwerera m'mbuyo mpaka mufike pamene inki yofiira inayamba kuchuluka, kapena pamene inalekeratu kuoneka. Pindani kona ya tsambalo. Lolemba mubwere nalo, kwa ine kapena kwa mphunzitsi aliyense amene mwamusankha, ndipo musatulutse ndalama mpaka atakuuzani kuti mwana wanu anatayikira pati.

 Amene muli ndi mafunso, ndili pompano mpaka dzuwa litapendeka.